Kalata yotseguka kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Virginia: ikani malire pa ndalama za kampeni

Olemekezeka a Sipikala, aphungu a House of Delegates ndi a Senate, mbali ziwiri za Nyumba ya Malamulo ku Richmond,

Landirani moni wanga mwaulemu. Nkhani imene yandikhazika pansi kuti ndikulembereni ndi imodzi. Kuno ku Virginia munthu, kampani kapena bungwe lililonse likhoza kupereka ndalama zochuluka mmene lingafunire kwa munthu amene akupikisana pa mpando wa m'Nyumba yanu, ndipo palibe lamulo loletsa. Ndikupempha kuti muike malire. Ndinabadwira ku Malawi, koma tsopano ndine nzika ya dziko lino la America ndipo ndimavotera ku Prince William County. Kalatayi ndailemba poyera kuti abale anga ochokera ku Malawi ndi ku Zambia amene akhazikika kuno nawonso aiwerenge, popeza ambiri a ife tayamba kuponya voti tisanadziwe mmene mipando yanuyo imapezekera.

Mukayang'ana zolembedwa, khomo la Nyumba yanu ndi lotsegukira aliyense. Pa mpando wa House of Delegates, munthu wa zaka 21 wokhala m'dera lake amangofunika kupeza ovota 125 a m'deralo oti amusainire, ndipo ngati akudzera ku chisankho chachipulula cha chipani amalipira magawo awiri pa 100 alionse a malipiro a pachaka a phungu, omwe ndi madola 352.80. Basi. Namwino angakwanitse, dalaivala wa basi ya sukulu angakwanitse, mayi wosamalira okalamba nayenso angakwanitse. Madera 100 a House of Delegates ndi aang'ono ndithu, lililonse lili ndi anthu pafupifupi 86,000, moti munthu wakhama akhoza kufika pamakomo ambiri ndi miyendo yake. Dongosolo lotereli limafuna phungu wodziwika kwa anansi ake. Koma zimene zimachitika dzina likangolowa pa pepala lovotera ndi zina.

Ndinathandizapo pa kampeni ya mayi wina, mphunzitsi, amene ankafuna umodzi mwa mipando yanuyo. Dzina lawo ndi chipani chawo sinditchula, chifukwa zimene ndinaona zimachitika mbali zonse ziwiri. Anthu ambiri amaganiza kuti wopikisana amathera tsiku m'makomo, kumatchalitchi ndi kumisonkhano ya makolo. Mayiwa mbali yaikulu ya tsiku lawo inkathera m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi, chitseko chili chitsekere. Patebulo pankakhala mafoni awiri ndi mulu wa mapepala. Pepala lililonse linali ndi dzina la munthu, ntchito yake, ndalama zimene anaperekapo kwa andale ena m'mbuyomu, ndipo pansi pake panali nambala yozunguliridwa ndi inki yofiira, yosonyeza ndalama zoti apemphedwe. Mnyamata wa kampeni ankaimba pa foni imodzi, ikangoyankhidwa n'kuwapatsira mayiwo, iye n'kuyamba kuimba pa inzake. Ndinawaona akumwetulira foni, akunyengerera munthu amene sanamuonepo, wokhala kutali ndi dera lawo, nthawi zina kunja kwa Virginia kumene. Potuluka m'kachipindamo dzuwa linkakhala litapendeka, mawu atasasa, nthawi yogogoda m'makomo itatsala pang'ono.

Sikuti anali adyera. Kumpoto kwa Virginia kulengeza pa wailesi yakanema kumalipiridwa pa mitengo ya mzinda wa Washington, yomwe ndi yodula kwambiri. Timapepala tonyezimira totumiza m'mabokosi a makalata timafuna ndalama, ogwira ntchito amafuna malipiro, lendi ya ofesi siidikira. Ndipo akuluakulu a chipani akafuna kudziwa ngati munthu ndi woyenera kumuthandiza, funso lawo loyamba silikhala lakuti anthu akumumva bwanji, koma lakuti wasonkhanitsa zingati pofika tsiku lopereka malipoti. Amene nambala yake yachepa amangosiyidwa, ngakhale atakhala ndi nzeru zotani. M'madera amene mpikisano uli wothina, mpando umodzi wa zaka ziwiri zokha umadya mamiliyoni a madola.

Ife a ku Malawi tinayesetsa kuikapo dzanja. Loweruka lina tinasonkhana kunyumba kwa m'bale wina, amayi anaphika nsima, nkhuku, nyemba ndi mandasi, mayi wopikisanayo anabwera n'kukhala nafe pansi. Anamva za lendi yokwera chaka ndi chaka, za msewu wa Route 28 umene umatidyera maola popita kuntchito, za ana athu amene amafika kusukulu asanadziwe Chingelezi. Tinafotokozerana kuti ololedwa kupereka ndi nzika ndi okhawo okhala ndi green card, chiphaso chokhazikika m'dziko lino, ndipo amene anali ololedwa anapereka, wina madola 20, wina 50, zochokera m'malipiro a mashifiti a usiku. Tinabalalika mitima ili m'malo. Patapita masiku, ndinatsegula tsamba la Virginia Public Access Project, pamene malipoti a zopereka amaikidwa poyera, n'kupeza kuti wopikisana nawo analandira cheke chimodzi, chochokera kwa wopereka mmodzi, choposa kambirimbiri zonse zimene tinasonkha tsiku lija. Panalibe chobisika, panalibe chophwanya lamulo. Apo ndi pamene pandiwawa, Olemekezeka. Lamulo lanu ndi limene limalola kuti siginecha ya munthu mmodzi imize thukuta la mudzi wathunthu.

Pankhaniyi Virginia ili m'gulu la maboma ochepa kwambiri m'dziko lino amene alibe malire alionse. Munthu wofuna kuthandiza wopikisana pa mpando wa Congress, Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse ku Washington, sangapitirire madola 3,500 pa chisankho chimodzi m'zaka za 2025 ndi 2026, ndipo kampani siloledwa n'komwe kupereka kuchokera m'thumba lake kwa wopikisana pa mpando wa dziko lonse. Kungowoloka mtsinje wa Potomac kulowa ku Maryland, malire ndi madola 6,000 kwa wopikisana mmodzi pa zaka zinayi. Ndiye kuti munthu wolemera wa ku Fairfax ali ndi malire akafuna kuthandiza seneta wa dziko lonse la America, koma akafuna kuthandiza phungu wa kadera ka anthu 86,000 akhoza kulemba miliyoni, dzanja osanjenjemera. Ndani mwa inu angaimirire pamaso pa ovota n'kufotokoza nzeru yake ya zimenezi?

Makolo athu amati kupatsa n'kuika. Sanalakwe. Amene wakupatsa zambiri lero waika, ndipo tsiku lidzafika loti adzatenge, ngakhale zimene adzatengezo zitangokhala kuti foni yake iyankhidwe msanga, kapena kuti loya wake akhale nawo patebulo pamene bilu ikulembedwa. Sindikunena kuti aphungu a ku Richmond amagulitsa mavoti awo. Ndikukhulupirira kuti ambiri a inu munalowa m'ndale ndi mtima wabwino. Koma ndinu anthu, ndipo munthu aliyense amachita manyazi ndi amene anamuthandiza pa nthawi yovuta.

Tengani nkhani ya magetsi. Dominion Energy yakhala kwa zaka zambiri kampani yopereka ndalama zochuluka kwambiri kwa andale a ku Virginia, a zipani zonse ziwiri. Imeneyi si kampani wamba yoti ukaipidwa nayo upite kwa ina. M'madera amene imagulitsa magetsi mabanja alibe kwina kogula, n'chifukwa chake mitengo yake imayang'aniridwa ndi bungwe la boma la State Corporation Commission. Nanga makomishonala a bungweli amasankhidwa ndi ndani? Ndi inu. Malamulo amene bungweli limayendera amalembedwa ndi ndani? Ndi inu nomwe. Mu 2015 Nyumba yanu inavomereza lamulo limene linaimitsa kwa zaka zingapo kuunika kwa mitengo kumene komishoniyo inkachita zaka ziwiri zilizonse. Mwina aphungu a nthawiyo anali ndi zifukwa zimene ankazikhulupirira moona mtima. Koma mayi amene akulipira bilu ya magetsi a Dominion mwezi ndi mwezi adziwa bwanji? Iye akungoona kuti woweruzidwa ndi amene amathandiza woweruza kupeza mpando. Ndipo tsopano nyumba zikuluzikulu zosungira makompyuta a intaneti zadzaza ku Loudoun County n'kusefukira kwathu ku Prince William, zikufuna magetsi ochuluka zedi, moti funso lakuti alipire ndani mitengo ya malo atsopano opangira magetsi ndi mawaya ake lidzabwera pamaso panu chaka ndi chaka. Pamafunika kuti anthu akhulupirire yankho lanu.

Ndisakondere mbali. Mu 2018 a Michael Bills a ku Charlottesville anayambitsa bungwe la Clean Virginia, limene limapereka ndalama kwa andale okana zopereka za Dominion. Ambiri anaombera m'manja, ndipo ine ndikumvetsa chifukwa chake. Koma taganizani bwino zimene zinachitika. Mphamvu ya kampani imodzi inapeza woilimbana nayo chifukwa choti kunapezeka munthu wina wolemera wofuna kutsegula chikwama chake. Mu 2023 bungwe la ndale la Bwanamkubwa Glenn Youngkin, Spirit of Virginia, linkalandira macheke a madola miliyoni kuchokera kwa munthu mmodzi, pofuna kuthandiza chipani chake kutenga Nyumba yanu. Mbali iyi ili ndi olemera ake, mbali iyo ili ndi ake, ndipo mphunzitsi wofuna kuimira dera lake amakakamizika kusankha mthunzi wa wolemera woti abisalemo. Amene sakufuna mthunzi wa aliyense amapsa ndi dzuwa.

Ife ochokera ku Malawi ndalama za pa chisankho timazidziwa. Kwathu matenda ake ndi wandale kugawa nsalu, shuga ndi timaenvulopu pamsonkhano, mpaka Nyumba ya Malamulo inachita kuletsa mchitidwewu m'lamulo la zipani za ndale la 2018, ngakhale kuti kulitsata kwake kumavutabe. Tinabwera kuno tikumva kuti General Assembly ya Virginia inayamba mu 1619 ku Jamestown, kuti ndi nyumba ya malamulo yakale kwambiri ku mbali ino ya dziko lapansi. Kuno wovota sapatsidwa nsalu, n'zoona. Ndalama zimalowera pakhomo lina, lakumtunda, kumene wovota sakuona, ndipo zimalowa ndi chilolezo cha lamulo.

Ndikudziwa mayankho amene mumapereka. Loyamba ndi lakuti ku Virginia zonse zimalembedwa poyera, aliyense akhoza kuona amene wapereka, ndiye ovota aweruze okha. Kuika zinthu poyera ndi kwabwino, musakusiye. Koma ine ndinaona cheke chija poyera, ndipo kuchiona sikunachichepetse. Timapepala tinapitirira kugwa m'mabokosi a makalata tsiku ndi tsiku. Komanso munthu wotuluka kuntchito mbandakucha, wothamangira kukasiya ana kusukulu, alibe nthawi yofufuza malipoti pa intaneti.

Yankho lachiwiri ndi lolemera kuposa loyamba, ndipo ndiyenera kuliyankha mwachilungamo. Mumati kuyambira pa chigamulo cha Khoti Lalikulu la dziko lino pa mlandu wa Citizens United mu 2010, mabungwe oima paokha akhoza kuwononga ndalama zopanda malire, ndiye mukatseka khomo la wopikisana, ndalamazo zingodzera kumabungwe amene ndi ovuta kuwalondola. Mbali ina ndi zoona, ndalama zina zidzadzeradi kumeneko. Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa ndalama zimene bungwe lawononga palokha ndi cheke chimene phungu wachipempha ndi pakamwa pake, wachilandira m'manja mwake, n'kulemba kalata yothokoza. Ngongole ya mumtima imabadwira pamenepo. Khoti Lalikulu la dziko lino, pa mlandu wa Buckley v. Valeo mu 1976, linavomereza kuti boma likhoza kuika malire pa zopereka zopita kwa wopikisana pofuna kupewa ziphuphu, ngakhale kungooneka ngati pali ziphuphu. Maboma ambiri akuyenda ndi malire otere mpaka lero, zisankho zawo zikuchitika bwinobwino. Ndipo ngati mukuopa mabungwe obisika, mphamvu yolamula kuti aulule owapatsa ndalama muli nayo inu nomwe.

Virginia inaphunzira kale kuti malamulo ofooka amabweretsa manyazi. Bwanamkubwa Bob McDonnell anapezeka wolakwa mu 2014 pa nkhani ya mphatso ndi ngongole zoposa madola 175,000 zimene iye ndi banja lake analandira kwa wabizinesi Jonnie Williams. Khoti Lalikulu linathetsa chigamulocho mu 2016, koma mbiri ya boma lino inali itada kale, ndipo Nyumba yanu inaika malire a madola 100 pa mphatso zochokera kwa anthu okopa aphungu. Ndiye lero munthu woteroyo sangakugulireni mphatso yodula, koma akhoza kulembera kampeni yanu cheke cha ndalama zilizonse. Munatseka zenera n'kusiya chitseko chili pululu.

Chimene chimandipatsa mtima wolemba kalatayi n'chakuti mukafuna kukonza malamulo a chisankho mumakonza. Kumbukirani dera la 94 ku Newport News mu 2017. Atamaliza kuwerenga koyamba, a David Yancey ankatsogola ndi mavoti 10. Atawerenganso mu Disembala, mayi Shelly Simonds anapambana ndi voti imodzi. Tsiku lotsatira oweruza atatu anawerengera a Yancey pepala limodzi limene linali lokayikitsa, n'kukhala 11,608 mbali iyi, 11,608 mbali iyo. Pa 4 Januwale 2018 ku Richmond maina awiriwo anaikidwa m'timabotolo tosungira filimu, n'kuponyedwa m'mbale, ndipo dzina limene linatuluka linali la a Yancey. Chifukwa cha mayere amenewo House of Delegates inakhala 51 kwa 49 m'malo mwa 50 kwa 50. Dziko lonse linadabwa, ndipo mu 2020 munasintha lamulo kuti mavoti akafanana pambuyo powerenganso, nkhaniyo ibwerere kwa ovota pa chisankho chapadera. Chaka chomwecho munatsegula masiku 45 oti munthu avote chisankho chisanafike popanda kupereka chifukwa, ndipo ife ogwira mashifiti tinapuma. Mu 2025, patatha zaka zambiri biluyo ikufera m'njira, munavomereza kuletsa andale kugwiritsa ntchito ndalama za kampeni pa zofuna zawo. Zonsezi ndikuthokoza ndi mtima wonse.

Nkhani ya ku Newport News ija ine imandiuzanso china. Mpando umene unasankha chipani cholamulira Nyumba yonse unadalira munthu mmodzi amene mwina anangokhala kunyumba chifukwa palibe amene anamugogodera. Tsiku lina tikuyenda m'makomo tinapeza bambo wina wachikulire akuthirira maluwa. Analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi mtolo wa timapepala ta kampeni, womangidwa ndi labala, n'kutiuza kuti onsewa amamulembera koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerapo kudzamufunsa chimene chikumusowetsa tulo. Chimene chinkamusowetsa tulo chinali mtengo wa mankhwala a mkazi wake. Mayi wopikisana uja anaimirira pakhondepo nthawi yaitali, akulemba m'kabuku kawo. Ola lililonse limene lamulo lanu limamutsekera wopikisana m'kachipinda ka mafoni ndi ola limene lalandidwa kwa bambo ngati amenewa.

Pali chinthu china chimene chimayenda limodzi ndi nkhaniyi, ndipo ndikudziwa kuti inu mumachita nacho manyazi kuchitchula, ndiye ndichitchule ine. Kwa zaka zoposa 30 phungu wa House of Delegates wakhala akulandira madola 17,640 pachaka, seneta 18,000, kuphatikizapo alawansi ya masiku a zokambirana. Munthu wolandira malipiro otsikitsitsa ololedwa ku Virginia akagwira ntchito chaka chonse amaposa pamenepo. Amati ndi ntchito ya nyengo chabe, masiku 60 chaka china, chaka chinzake ocheperapo, kuyambira Lachitatu lachiwiri la Januwale. Koma ndi bwana uti amene angalole namwino kapena wogulitsa m'sitolo kusowa kuntchito miyezi iwiri chaka chilichonse? Otsala ndi maloya, eni mabizinesi, opuma pantchito, ndi amene amuna kapena akazi awo amalandira zokwanira banja lonse. Mayi amene ndinkawathandiza aja sanapambane, ndipo kugonja pa chisankho si mlandu wa munthu. Chimene chinandikhudza ndi zimene ananena pambuyo pake, kuti sadzayesanso, chifukwa banja lawo silingathe kusenzanso chaka china chotero. Kwezani malipirowo, ndipo kuti pasakhale wonena kuti mwadzigawira nokha, lamulolo liyambe kugwira ntchito pambuyo pa chisankho chotsatira.

Koma pempho langa lalikulu ndi la malire. Ikani malire pa zimene munthu mmodzi, kampani, bungwe la ogwira ntchito kapena komiti ya ndale ingapereke kwa wopikisana mmodzi pa chisankho chimodzi. Nambala yake mukambirane, ngakhale mutangoyambira pa imene imagwira ntchito ku Congress. Makampani amene mitengo yawo imayang'aniridwa ndi State Corporation Commission asaloledwe kupereka ngakhale dola imodzi kwa anthu amene amasankha makomishonala. Ndipo yang'anani zimene anansi athu akuchita pothandiza opereka zochepa. Ku Washington, D.C., pansi pa Fair Elections Program, dola iliyonse imene wokhala mumzindawo wapereka pa zopereka zing'onozing'ono imaonjezeredwa madola asanu a boma, ndipo Montgomery County ku Maryland ilinso ndi dongosolo lofanana nalo. Zikanakhala choncho kuno, madola 20 a mayi wa shifiti ya usiku akanamveka ku Richmond, ndipo wopikisana akanakhala ndi chifukwa chothera madzulo ake pabalaza la anthu wamba.

Mabilu a malire si achilendo kwa inu. Seneta wakale Chap Petersen wa ku Fairfax anawabweretsa kangapo, ena anabweretsanso awo, ndipo akhala akufera m'njira, kawirikawiri m'komiti, kaya Nyumba ili m'manja mwa chipani chiti. Chaka chino musalole kuti afere m'chipinda cha komiti yoona za zisankho ya Privileges and Elections. A Sipikala, atsogoleri a zipani zonse ziwiri, tulutsani biluyo ifike pabwalo la Nyumba yonse, aphungu 100 ndi maseneta 40 avote dzina ndi dzina. Amene akukhulupirira kuti cheke chopanda malire ndi chabwino kwa Virginia avote choncho poyera, kenako abwere kudera adzatifotokozere. Ife tidzawerenga mndandanda wa mainawo, tidzauzana kutchalitchi ndi pa WhatsApp, ndipo tidzaukumbukira pa chisankho chachipulula cha mu Juni.

Ine wanu mwaulemu,

Wovota wa ku Prince William County